Nsapato yothamangira: yodula, yapakaunjika kapena yokwana?

Nthawi ikamakwana 5 koloko m'mawa, misewu ya m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba imakhala itayamba kale kumveka migugu. Si ya anthu othamangira minibasi okha ayi. Pali gulu lina limene likukulirakulira: abambo ndi amayi a m'maofesi, ochita malonda, ophunzira ngakhalenso opuma pantchito, amene amadzuka kusanache n'kuyamba kuthamanga popanda wowapirikitsa.

Anthuwa safuna chikho kapena mendulo. Ambiri akuthamanga pothawa kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi kunenepa kopyola muyeso. Ena adachita kuuzidwa kuchipatala, ena adangoona anzawo akusintha.

Koma ukayang'ana kumapazi kwawo umapeza nkhani ina. Wina wavala nsapato yonyezimira imene adaitanitsa kunja ndi ndalama zokwana kulipira lendi miyezi ingapo. Wina wavala yapakaunjika yomwe chidendene chidapendekeka kale. Wina ali ndi kanivasi yemwe amapita naye kumsika, ndipo wina wangotola nsapato yampira n'kumagogoda nayo patala.

Onsewa ali ndi mantha amodzi: kuti bondo, msongolo kapena chidendene chingayambe kupweteka n'kuwabwezera pampando umene adathawa. Nanga nsapato ili ndi gawo lanji pa zimenezi? Kodi yodula ndiyo imateteza? Ndipo kodi munthu wopeza zochepa amene amadalira kaunjika akudziika pachiswe?

Chawathamangitsa n'chiyani?

Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo udachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO adapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse adali ndi matenda a shuga. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Pamalangizo amene lidatulutsa mu 2020, bungwe la WHO lidati munthu wamkulu azichita masewero olimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata ngati ali opepuka monga kuyenda ndawala, kapena mphindi 75 mpaka 150 ngati ali ofuna mphamvu monga kuthamanga.

Kwa munthu wa m'tauni amene amakhala pampando tsiku lonse, kuthamanga ndiye masewero otsika mtengo kuposa onse. Sipafunika bwalo, timu kapena ndalama yolipira mwezi ndi mwezi kumalo onyamulira zitsulo. Mipikisano ya anthu wamba, monga wa Be More umene banki ya Standard idayambitsa ku Lilongwe mu 2017 wokhala ndi mitunda ya makilomita 5, 10 ndi 21, yathandizanso kuti ambiri akhale ndi chokonzekera.

Chida chokhacho chimene wothamanga amayenera kugula ndi nsapato. Ndipo apa ndi pomwe thumba limakumana ndi malonda.

Nsapato zimene zidagwedeza dziko

Pa 12 Okutobala 2019, mumzinda wa Vienna ku Austria, katswiri wa ku Kenya Eliud Kipchoge adathamanga mtunda wa makilomita 42.195 pa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40. Nthawiyi sidalembedwe m'buku la mbiri chifukwa sudali mpikisano weniweni: adali ndi anthu omutsogolera mosinthana komanso galimoto yomuonetsa liwiro. Komabe dziko lonse lidakamba za zinthu ziwiri, mwendo wa Kipchoge ndi nsapato imene adavala.

Nkhani ya nsapatozi idayamba mu 2017 pomwe kampani ya Nike idatulutsa nsapato yotchedwa Vaporfly 4% pamtengo wa madola 250 a ku America. M'kati mwa soli yake mudali siponji yopepuka kwambiri, yofutukuka msanga ikapondedwa, komanso kachimbale kopyapyala koma kolimba ka carbon. Kafukufuku amene adachitika pasukulu ya ukachenjede ya Colorado, ndi ndalama za kampani yomweyo, adapeza kuti akatswiri 18 amene adaiyesa ankagwiritsa ntchito mphamvu zochepa ndi 4 peresenti poyerekeza ndi pamene avala nsapato zina zampikisano.

Makampani ena adatsatira, ndipo nthawi za m'mipikisano zidayamba kugwa ngati mango a mu Disembala. Zinthu zitafika povuta, bungwe loyendetsa masewerowa la World Athletics lidakhazikitsa malamulo mu Januwale 2020: soli ya nsapato yothamangira pamsewu isapitirire mamilimita 40 kuchindikala ndipo isakhale ndi kachimbale koposa kamodzi.

Mu Sepitembala 2023, Tigst Assefa wa ku Ethiopia adaswa mbiri ya amayi ku Berlin pothamanga maola awiri, mphindi 11 ndi masekondi 53. Adavala nsapato ya Adidas yolemera magalamu 138 okha, ya madola 500, imene idapangidwa kuti igwire ntchito pampikisano umodzi basi.

Kuti ziwerengerozi zimveke bwino kuno kwathu, nkofunika kukumbukira kuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo dola imodzi idafika pa K1 700 kubanki. Pamtengo umenewo, nsapato ya Assefa idali K850 000, osawerengera msonkho ndi mayendedwe. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa amene boma lidakhazikitsa adali K90 000 pamwezi. Ndiye kuti mlonda kapena wantchito wa m'sitolo akadagwira miyezi isanu ndi inayi osadya kanthu, n'kuperewerabe, kuti agule nsapato yovala tsiku limodzi.

Za akatswiri n'za akatswiri

Vuto ndi lakuti zimene akatswiri avala pa wailesi ya kanema ndi zomwe munthu wamba amazifuna. Otsatsa malonda amadziwa zimenezi. Koma nsapatozi zidapangidwira munthu wothamanga makilomita 18 kapena 20 pa ola, osati bambo wa ku Chilomoni amene amamaliza makilomita asanu pa theka la ola.

Kafukufuku amene adasindikizidwa ku America mu 2023 adayesa nsapato zamtunduwu pa anthu othamanga pang'onopang'ono, makilomita 10 ndi 12 pa ola. Phindu lidatsika kufika pafupifupi 1 peresenti, ndipo kwa ena padalibe phindu lililonse. Kwa munthu wa makilomita asanu pa mphindi 30, izi ndi masekondi pafupifupi 20. Amene akuthamanga kuti atsitse shuga m'thupi alibe nawo ntchito masekondi amenewa.

Chofunikanso kudziwa n'chakuti nsapatozi zidapangidwa kuti ziwonjezere liwiro, osati kuteteza kuvulala. Chaka chomwecho cha 2023, madokotala ena adalemba za othamanga asanu amene adapezeka ndi ming'alu pafupa lina lapakati pa phazi pamene ankagwiritsa ntchito nsapato za kachimbale. Anthu asanu ndi ochepa moti sangakhale umboni wakuti nsapatozo ndizo zidalakwa, koma madokotalawo adachenjeza kuti zimasintha momwe phazi limagwirira ntchito ndipo wosamukira ku nsapato zotere azichita pang'onopang'ono.

Nanga pakati pa nsapato wamba, mtengo uli ndi tanthauzo? Akadaulo a pasukulu ya ukachenjede ya Dundee ku Scotland adafunsa funso lomweli ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2007. Adatenga nsapato za makampani atatu odziwika pamitengo itatu, kuyambira mapaundi 40 kufika 75, n'kumata zizindikiro zake kuti ovala asadziwe. Adapeza kuti zotsika mtengo ndi zapakatikati zinkateteza phazi mofanana ndi zodula, mwinanso kuposa, ndipo ovalawo sankatha kuloza yodula pongoimva kuphazi.

Koma apa pofunika kusamala. Nsapato zonse za ku Dundee zidali zatsopano, zenizeni komanso zopangidwira kuthamanga. Kafukufukuyu sakunena kuti nsapato iliyonse yotchipa ndi yabwino. Akungoti ukalowa m'gulu la nsapato zothamangira zenizeni, kuwonjezera ndalama si kuwonjezera chitetezo.

Phazi lathyathyathya si chilema

Kwa zaka zambiri, masitolo a kunja akhala akugawa mapazi m'magulu atatu: lathyathyathya, lapakatikati ndi lokumbika kwambiri pansi. Gulu lililonse lili ndi nsapato yake, ndipo wa phazi lathyathyathya kapena lopendekera m'kati amauzidwa kuti agule yolimba mbali imodzi kuti imuwongole. Mawu amenewa afikanso kuno kudzera pa intaneti ndi m'magulu a WhatsApp a othamanga.

Asilikali a ku America adayesa chiphunzitsochi. Pakafukufuku atatu amene adachitika cha m'ma 2009 ndi 2010 pa ophunzira usilikali oposa 7 000, theka lidapatsidwa nsapato molingana ndi kaumbidwe ka phazi pomwe theka lina lidalandira nsapato yamtundu umodzi. Pamapeto pa maphunziro, chiwerengero cha ovulala sichidasiyane kwenikweni.

Ku Denmark nako, ochita kafukufuku adatsatira anthu 927 ongoyamba kumene kuthamanga kwa chaka chathunthu, onse atavala nsapato wamba yosawongola phazi. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2014 zidaonetsa kuti a mapazi opendekera m'kati pang'ono sadavulale kuposa anzawo.

Izi sizikutanthauza kuti nsapato zilibe ntchito. Ku Luxembourg, kafukufuku wa mu 2020 pa othamanga wamba 848 adapeza kuti amene adapatsidwa nsapato za siponji yofewa adavulala mocheperapo kusiyana ndi amene adalandira zolimba, makamaka anthu opepuka thupi. Kafukufuku wina wa komweko adapezanso kuti nsapato zowongola zimathandiza ena amene mapazi awo amapendekeradi m'kati. Choncho munthu amene ali ndi vuto lenileni, amene amavulala malo amodzimodzi kawirikawiri, ayenera kukaonana ndi dokotala wa mafupa kapena wa mafizo, osati kudalira wogulitsa.

Kwa ena onse, mfundo imene yatchuka ndi ya Benno Nigg, kadaulo wa pasukulu ya ukachenjede ya Calgary ku Canada, yemwe wafufuza za nsapato kwa zaka zambiri. Mu 2015 iye ndi anzake adalemba kuti thupi la munthu aliyense lili ndi njira yakeyake yoyendetsera mwendo, ndipo nsapato yabwino ndi imene siyilimbana ndi njirayo. Chizindikiro chake n'chapafupi: imamveka bwino kuphazi pothamanga. Mwachidule, woweruza ndi phazi, osati dzina lolembedwa m'mbali.

Nanga opanda nsapato?

Amalawi ambiri akamva zonsezi akhoza kuseka, pokumbukira momwe ankathamangira kupita kusukulu ya pulayimale popanda kanthu kumapazi. Ali ndi mfundo.

Mu 1960, Abebe Bikila wa ku Ethiopia adapambana mendulo yagolide pa mpikisano wa Olympics ku Rome atathamanga makilomita 42 opanda nsapato. Zola Budd, wobadwira ku South Africa, adatchuka m'zaka za m'ma 1980 pothamanga chimodzimodzi. Kuno kwathu, pa mpikisano wa Porters Race paphiri la Mulanje, umene umayambira ndi kuthera pa Likhubula, anthu aonapo anyamata ndi atsikana a m'midzi yozungulira akukwera ndi kutsika miyala opanda nsapato kapena atavala zapulasitiki, n'kusiya m'mbuyo alendo ovala zodula.

Mu 2010, Daniel Lieberman wa pasukulu ya ukachenjede ya Harvard adafalitsa kafukufuku amene mbali ina adachitira kuchigwa cha Rift Valley ku Kenya. Adapeza kuti anthu ozolowera kuthamanga opanda nsapato kawirikawiri amatera ndi kutsogolo kwa phazi osati chidendene, zomwe zimachepetsa kugunda kwadzidzidzi.

Nkhaniyi itamveka, azungu ambiri adathamangira nsapato zopyapyala zonga sokosi. Zotsatira zake sizidakomere onse. Pakafukufuku wa mu 2013 ku America, anthu 10 mwa 19 amene adasamukira ku nsapato zoterezi adapezeka ndi zizindikiro za kutupa m'mafupa a phazi patangotha masabata 10. Mu 2014 kampani ya Vibram idavomera kulipira madola 3.75 miliyoni pofuna kuthetsa mlandu umene ogula adaisumira kuti idalonjeza za umoyo popanda umboni, ngakhale sidavomere kulakwa.

Phunziro lake ndi lakuti phazi limalimba ndi zimene lazolowera. Mnyamata wa ku Likhubula wakhala akuponda miyala chibadwire. Bwana wa ku Area 47 amene wavala nsapato ndi sokosi kwa zaka 25, ndipo thupi lawonjezera makilogalamu 20, salinso mwana uja ankathamangira belu la kusukulu. Ndipo ngakhale Bikila, pomwe ankapambananso ku Tokyo mu 1964, adali atavala nsapato.

Chikomekome cha kaunjika

Kwa Amalawi ambiri, mkangano wa nsapato ya madola 250 ndi nkhani ya kutali. Msika weniweni ndi wa kaunjika: ku Limbe, ku Ndirande, kwa Tsoka ku Lilongwe, ndi m'misika ya pasabata m'maboma onse. Kumeneko nsapato za makampani otchuka zimapezeka pamtengo umene munthu angaufikire, ndipo mavenda amadziwa kuzichapa ndi kuziwalitsa.

Kaunjika si wolakwika. Kumayiko olemera anthu ena amataya nsapato atangoivala kangapo chifukwa yawathina kapena yatuluka ina. Wodziwa kusankha, makamaka wofika belo likungotsegulidwa, akhoza kupeza nsapato yeniyeni yabwino kuposa yatsopano ya m'sitolo zina.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtima wa nsapato yothamangira si nsalu yapamwamba kapena raba yapansi, koma siponji yapakati. Munthu akamathamanga, phazi lililonse limagunda pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kawiri kapena katatu, ndipo wothamanga pang'onopang'ono amaponda pafupifupi ka 1 000 pa kilomita imodzi. Siponjiyo ili ndi timabowo ta mpweya timene timaphwa pang'onopang'ono mpaka kuleka kufutukuka.

Kafukufuku wa mu 1985 ku America adapeza kuti nsapato zovalidwa ndi othamanga zinkatsala ndi pafupifupi 70 peresenti ya mphamvu yake yochepetsa kugunda zikayenda makilomita 800. N'chifukwa chake langizo lofala ndi lakuti nsapato isinthidwe ikayenda makilomita 500 mpaka 800. Ili si lamulo la Mose, koma limapereka chithunzi. Munthu wothamanga makilomita asanu katatu pasabata amakwanitsa makilomita 780 pachaka.

Apa ndiye pagona vuto la kaunjika. Wothamanga wa ku London kapena Toronto amene amatsata langizoli amapereka nsapato yake kumabungwe achifundo ikatha makilomita akewo. Kunja imaonekabe yatsopano chifukwa misewu ya kumeneko ilibe fumbi ndi miyala yambiri. Nsapato yotere ikafika kuno ndi yabwino kuyendera kapena kupita nayo kuntchito, koma pa ntchito yothamanga idapuma kale. Galimoto yakale imakhala ndi mita yoonetsa mtunda umene yayenda, nsapato ilibe.

Vuto lachiwiri ndi nsapato zachinyengo, zatsopano ndithu, zokhala ndi dzina ndi chizindikiro cha kampani yotchuka koma zopangidwa ndi zipangizo wamba. Izi zimakopa chifukwa zimafanana ndi zija za akatswiri. Pansi pake nthawi zambiri pamakhala pulasitiki yolimba kapena raba yamabowo yophimbidwa ndi kansalu. Pakati pa nsapato yachinyengo yonyezimira ndi yeniyeni yapakaunjika yomwe sidayende kwambiri, yachiwiriyo ndiyo yanzeru.

Mayiko ena adayesapo kutseka msika wa zovala zakale. Mu 2016, mayiko a kum'mawa kwa Africa a Kenya, Uganda, Tanzania, Rwanda ndi Burundi adagwirizana zoti pofika 2019 aleke kuitanitsa zovala ndi nsapato zakaunjika pofuna kutukula mafakitale awo. Dziko la America litaopseza kuti liwachotsa pa mwayi wa malonda wa AGOA, ambiri adabwerera m'mbuyo. Rwanda yokha ndiyo idaumirira, ndipo mu 2018 idalandidwa mwayi wogulitsa zovala ku America popanda msonkho. Izi zikusonyeza kuti malonda a kaunjika ali ndi eni ake amphamvu ndipo sachoka msanga. Chotsalira wogula ndi kuphunzira kusankha.

Kuona maso a nkhono

Choyamba ndi kukwana. Phazi limatupa masana komanso pothamanga, choncho nthawi yabwino yoyesa nsapato ndi madzulo, munthu atavala sokosi yomwe azithamangira. Ataimirira, pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato pazitsala mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja chitapingasa. Zala zizitha kugwedezeka, koma chidendene chisamavuke poyenda. Nsapato yothina ndiyo imadetsa ndi kuzula zikhadabo, pomwe yokhwepa imabweretsa matuza.

Nambala yokha si yodalirika. Nsapato zakaunjika zimachokera kumayiko osiyanasiyana, ndipo imene ku Britain amati 8, ku America ndi 9 kwa abambo pomwe ku Ulaya ndi 42. Makampaninso amasiyana kadulidwe. Anthu ambiri amene adakula osavala nsapato ali ndi mapazi otambalala kutsogolo, ndiye kufupika ndi kutalika kokha sikokwanira. Njira yachidule ndi kuchotsa kansalu kam'kati n'kukaponda: ngati phazi likusefukira m'mbali, nsapatoyo ndi yopapatiza. Ndipo ziyesedwe zonse ziwiri, chifukwa anthu ambiri phazi lina limakula kuposa linzake.

Chachiwiri, kwa wogula pakaunjika, ndi kuyeza ukalamba. Nsapato ikaikidwa pamalo osalala, monga pathebulo, iziima chilili poiyang'ana kumbuyo. Ikapendekera mbali imodzi ndiye kuti idatengera kapondedwe ka mwini wake woyamba. Makwinya ozama m'mbali mwa siponji ndi chizindikiro chakuti idaphwa. Mano a raba yapansi akhale akuoneka, makamaka kuchidendene ndi pansi pa zala. Nsapato yabwino imapindika pamalo pomwe zala zimapindikira, osati pakati ngati chigumu, ndipo kumbuyo kogwira chidendene sikuyenera kufwanyika ndi chala chimodzi.

Kansalu kolembedwa kamene kamakhala kuseri kwa lilime la nsapato kamanena zambiri. Makampani ambiri amalembapo mwezi ndi chaka chimene idapangidwa komanso nambala ya mtundu wake. Nambalayi izifanana pa nsapato zonse ziwiri, popeza pakaunjika zimachitika kuti ziwiri zofanana maonekedwe zakwatitsidwa. Nsapato ya zaka zambiri, ngakhale isadavalidwe, guluu ndi siponji yake zimakhala zitayamba kufooka.

Chachitatu ndi malo othamangirako. Wothamanga patala amafuna siponji yokwanira. Wa m'misewu yafumbi, m'njira za m'minda kapena wokwera ku Chawe ndi ku Michiru amafuna soli ya mano akuluakulu yosaterera m'matope a dzinja. Nsapato yampira ndi ya pakapinga, ndipo kanivasi wathyathyathya sadapangidwire mtunda wautali.

Chachinayi ndi kuthamanga nayo pang'ono asadalipire, ngakhale masitepe 20 okha pakati pa mabenchi. Nsapato yothamangira siifuna kuizoloweretsa ngati yachikopa. Ikapweteka pamsika idzapwetekanso pamsewu.

Amene thumba likuwalola angachite bwino kugula ziwiri zotsika mtengo m'malo mwa imodzi yodula. Kafukufuku wa ku Luxembourg pa othamanga wamba 264 kwa masabata 22 adapeza kuti amene ankasinthasintha nsapato adali ndi chiopsezo chovulala chotsika ndi 39 peresenti. Maganizo a akadaulowo ndi akuti nsapato zosiyana zimagawa katundu ku ziwalo zosiyana za mwendo.

Ikagulidwa, yapakaunjika ichapidwe bwino ndi kuuma isanavalidwe popewa matenda oyabwa apakati pa zala. Iyanikidwe pamthunzi podutsa mphepo, osati pambaula kapena padenga lamalata, chifukwa kutentha kumamatula guluu ndi kuumitsa siponji. Ndipo isungidwire kuthamanga kokha. Ikamapitanso kumsika, kumunda ndi kumaliro, makilomita aja amatha msanga.

Odwala shuga ali ndi chifukwa chapadera chosamalira. Matendawa akakhalitsa amatha kuchititsa dzanzi kumapazi moti munthu samva kuti nsapato ikumukhula, ndipo kachilonda kakang'ono kakhoza kukula mpaka kufika podula mwendo. Wotere aziyendetsa dzanja m'kati mwa nsapato kufufuza misoko yokanda ndi timiyala, aziona mapazi ake akabwerako, ndipo akambirane ndi achipatala asanayambe.

Wolakwa weniweni

Pamapeto pa zonse, nsapato imasenza milandu yambiri imene si yake. Ochita kafukufuku ataphatikiza zotsatira za m'mayiko osiyanasiyana mu 2015 adapeza kuti ongoyamba kumene amavulala pafupifupi ka 18 pa maola 1 000 alionse othamanga, pomwe ozolowera amavulala pafupifupi ka 8. Magulu awiriwa amagula m'masitolo amodzimodzi. Chosiyana ndi chakuti mafupa ndi mitsempha ya woyamba sizidazolowere katunduyo.

Mtima ndi mapapo zimazolowera m'masabata ochepa, koma mafupa ndi mitsempha zimafuna miyezi. Munthu akaona kuti sakupumanso wefuwefu amawonjezera mtunda, mwina pokonzekera makilomita 21 a mpikisano umene watsala mwezi umodzi, ndipo bondo likadandaula amaloza chala nsapato. Ena nsapato yatsopano yomweyo ndiyo imawapatsa mangolomera. Kusakaniza kuyenda ndi kuthamanga m'masabata oyamba, kupumula tsiku limodzi pakati, ndi kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono zimateteza kuposa siponji iliyonse.

Palinso zoopsa zimene nsapato singathe kuchotsa. Misewu yambiri ya m'mizinda yathu ilibe malo a oyenda pansi kapena magetsi, ndipo wothamanga m'mbandakucha amalimbirana mpata ndi minibasi ndi njinga zakabaza. Malaya owala ndi kuthamanga moyang'anizana ndi galimoto zikubwera zingapulumutse moyo pamtengo wochepa kwambiri. Makhonsolo a mizinda akafuna kuthandiza pankhondo yolimbana ndi matenda osapatsirana, apa ndi poyambira.

Chimene chingaluze dziko si kusowa kwa nsapato za kachimbale. Ndi mayi amene adauzidwa kuchipatala kuti azichita masewero, n'kumva kuti nsapato yoyenera ndi ya mazanamazana a makwacha, n'kungokhala. Kapena bambo amene adagula yachinyengo yothina, n'kupweteka msongolo sabata yachitatu, n'kulumbira kuti sadzathamanganso. Onsewa amabwerera pamzere wa mankhwala a BP.

Catherine Chikwakwa adabweretsa mendulo yasiliva kuchokera ku mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Italy mu 2004, zaka 13 nsapato za kachimbale zotchukazi zisanafike pamsika. Ngati katswiri adatha kutero, wothamangira umoyo wake safunika zoposa nsapato yomukwana, yosapendekeka, ya siponji yamoyo, imene angathe kugulanso ina chaka chamawa osakongola. Paja kuthamanga sikufika; wopindula ndi amene adzakhale akadali pamsewu zaka khumi zikubwerazi.